Lona la pa Maliro a Amayi

Nyumba ya amayi inali pamsana penipeni pa chitunda, kumalire kwa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Ukaima pakhomo, minda ya tiyi inkatsetsereka mpaka kuchigwa kumene kuli mtsinje. Ukazungulira kuseri, minda ina inkatsetserekanso mbali inayo. Ife eni dera tinatsala ndi kamzere ka pamwamba kokhako, kokwana nyumba zingapo, nthochi, nandolo ndi manda.

Aliyense wobadwira pamenepo amaidziwa mphepo yake. Imachokera kuchigwa, n'kudzagunda chitunda, ndipo ikasowa kolowera imakwera m'mwamba. Siwomba chopingasa ngati ya kwina. Akhwangwala amaikonda kwabasi, amabwera n'kudzangoima m'malere osakupiza mapiko, uku akutiyang'ana ngati tawalakwira. Tili atsikana tinkaponyera makoko a chimanga kuchigwa, iwo n'kumabwerera pamwamba pa mitu yathu. Koma mphepoyo ikangodutsa pamsana pa chitunda imafa, ndipo chilichonse chimene yanyamula imachitaya kuseri. Madilesi athu akauluka pachingwe sitinkavutika kufunsa, tinkangozungulira nyumba kukawatola m'tiyi.

Amuna anga sanali akonkuno. Anachokera ku Mzimba kudzagwira ntchito ya ukalaliki ku fakitale ya tiyi, ine ndili mphunzitsi pasukulu ya pa esiteti pomwepo. Titakwatirana tinakhala m'nyumba ya kampani. Apa mpamene panayambira nkhani. Kwathu mwamuna amamanga kwa mkazi, n'kumalima munda wa apongozi, anthu n'kumamuona kuti uyu ndi wathu. Kwawo zimenezo kulibe, mkazi ndiye amatsata mwamuna. Iwo sanakane kumanga, koma ntchito inawapatsa nyumba, ndipo palibe amene anawalozera malo.

Abale anga sanawatukwanepo, ayi. Chipongwe chakwathu chimabwera ndi ulemu wonse. Ankawatchula kuti akalaliki. Achimwene anga aakulu, amene anakulira kutchola tiyi, ankati akawapatsa moni n'kuwatembenuza dzanja kuti anthu aone. «Taonani dzanja la alamu anga, lofewa ngati la khanda. Kodi cholembera chimalemera bwanji, alamu?» Anthu n'kuseka, amuna anga nawonso n'kuseka. Atsibweni, mlongo wawo wa amayi amenenso anali mwini mbumba, sankaseka. Ankangoti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Amuna anga akangokhala pansi pabwalo, macheza ankasintha n'kukhala a Chilomwe, chomwe iwo sankachimva.

Ine zinkandikwiyitsa, koma iwo zinkawapweteka. Anayesa zonse. Loweruka ankapita kukalima munda wa amayi mpaka manja kuchita matuza. Kalongonda, nyemba zathu zija za Alomwe, ankamudya n'kumayamikira, ngakhale ndinkadziwa kuti sakuwakomera. Pobwerera kunyumba ankandifunsa kuti, «Kodi amayi, ndichite chiyani kuti anthu awa andione ngati munthu wawo?» Ndinkawayankha kuti awasiye, anakwatira ine, sanakwatire atsibweni. Loweruka linalo ankanyamulanso khasu.

Amayi anamwalira mwezi wa Julaye, chaka chomwe tinavota kachiwiri. Inali nthawi ya chiperoni, kamvula kowaza kosaleka kaja kobwera ndi nkhungu ndi chisanu cholowa m'mafupa. Anthu anabwera ambiri kudzakhuza maliro, chifukwa amayi anatchola tiyi moyo wawo wonse ndipo anali amayi a mpingo. Panalibe pobisala. Amuna ankangoima pansi pa nthochi, majekete atanyowa. Atsibweni anadandaula kuti alendo abwerera kwawo akunena kuti pamudzi pano palibe amuna.

Amuna anga atamva zimenezo anatsika kupita ku fakitale, nakapempha kwa amanejala lona lofunditsira tiyi pangolo ya thirakitala. Lona ndi chinsalu chokhuthala chosalowa madzi, ndipo limeneli linali lalikulu loti n'kuphimba nyumba yonse ya amayi n'kutsalako. Anabwera nalo atakwera pathirakitala, ataimirira kumbuyo kwa adalaivala. Ine ndinali m'siwa, m'nyumba ya maliro, pamodzi ndi amayi anzanga, koma ndinasuzumira pazenera. Nkhope yawo tsiku limenelo sindidzaiiwala. Anali ngati mwana amene wakhoza mayeso, akuyesetsa kuti asamwetulire pamaliro.

Analimanga pa mitengo ya bulugama. Mbali ya kunyumba analimangirira kumtanda wautali, mbali ya kuchigwa analikoka ndi zingwe ziwiri za nayiloni n'kukhomera zikhomo pansi. Anthu analowa pansi pake n'kuuma. Atsibweni analiyang'ana, nayang'ana amuna anga, n'kunena kuti, «Lakula.» Mawu anali okhawo, koma amuna anga anadzandinong'oneza pakhomo pa siwa ngati auzidwa nkhani yaikulu.

Tsiku loika, kunacha bata. Cha kummawa nkhungu inayamba kuchoka, dzuwa n'kutuluka, anthu n'kumati Mulungu wawakonda amayi. Bokosi analitulutsa panja, ife ana aakazi tinakhala pamphasa pafupi nalo, pansi pa lona. Abusa anayamba mwambo. Ine wobadwira pomwepo ndinamva kamphepo kakundikhudza m'miyendo kuchokera kuchigwa, koma mutu wanga unali pa amayi. Nkhungu ikachoka dzuwa n'kutentha chigwa, ndi pamene mphepo ya pachitunda chathu imadzuka.

Lona linayamba kupuma. Linkatukuka pakati, n'kubwerera, n'kutukukanso. Nyimbo ili mkati, chikhomo chimodzi chinazuka m'dothi lonyowa lija, chinzake n'kutsatira. Amuna anathamanga kukagwira zingwe. Chimodzi anagwira achimwene ndi anyamata ena, chinacho amuna anga ndi amuna ena awiri a m'mudzi.

Kwathu chinthu chotambasuka timachigwira ndi dzanja lokha, osakulunga, kaya ndi mphasa, kaya ndi lata, kaya ndi chitenje chachikulu. Chikakukoka kwambiri umataya, n'kukachitola kuseri. Palibe amene amaphunzitsa zimenezi, timangokula nazo. Amuna anga anakula akuweta ng'ombe. Kwawo chingwe umachikulunga pamkono kawiri katatu, n'kupondetsa mapazi, chifukwa mnyamata wotaya ng'ombe sadya tsiku limenelo. Ndinawaona akukulunga chingwe chija pamkono wamanja, mwaluso lake, atavala suti yawo yakuda. Achimwene anali pafupi, anawaonanso. Mpaka lero ndimawafunsa chifukwa chimene sanatsegulire pakamwa, ndipo yankho lawo ndi loti ankaganiza kuti munthu wophunzira akudziwa chimene akuchita.

Kenaka inabwera yeniyeniyo. Tinayamba kuimva isanafike, ikuwomba m'tiyi kuchokera kumunsi. Lona linatukuka lonse kamodzi, mitengo ya pakati n'kugwa. Amuna akwathu onse anataya zingwe nthawi imodzi, osauzana. Amuna anga ataona chingwe cha achimwene chikukwawa pansi, anachidumphira n'kuchigwira ndi dzanja lamanzere, nachonso n'kuchizunguliza. Anali ndi ngodya ziwiri za lona lonse lija yekhayekha.

«Tayani! Alamu, tayani!» anakuwa achimwene.

Ndinaona zidendene zawo zikulima pansi, mizere iwiri m'matope. Kenaka mizere ija inatha. Mbali ya kunyumba inazuka pamodzi ndi mtanda wake wa bulugama, ndipo kulemera kwa mtandawo kunachititsa kuti lona lisapindike. Linatambasuka bwinobwino pamwamba pathu, dzuwa n'kutiwala kumaso, ndipo amuna anga ananyamuka.

Ndakhala ndikuwauza anthu nkhaniyi, ena amaseka poganiza kuti anangodumpha pang'ono. Sanadumphe. Anakwera chowongoka, kupitirira nthochi, kupitirira denga la nyumba ya amayi, kupitirira mtengo wa mapeyala umene tinkauopa kukwera tili ana. Anafika pamene pamaima akhwangwala paja, n'kuima. Chimene chinandizizira thupi ndi chimenecho, kuimako. Sankapita kutsogolo, sankabwerera m'mbuyo. Munthu wamkulu, bambo wa ana anga, ali lende m'malere, manja ali m'mwamba, jekete litakwera mpaka m'makutu, miyendo ikupalasa ngati akufuna popondapo. Sanakuwe. Ndinkaona pansi pa nsapato zawo.

Nyimbo inaduka pakati pa mawu. Abusa anatsala atatsegula pakamwa. Amayi ena anagwa chafufumimba, ena anathawira m'nthochi, ana akulira. Bokosi la amayi linatsala pamtetete, nkhata za maluwa zikugubuduzika. Ine ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Chitenje chinagwa, ndipo ndinakuwa dzina lenileni la amuna anga, lopanda ulemu uliwonse, pamaso pa atsibweni ndi mpingo wonse. Chikwatirane ndinali ndisanalitchulepo pagulu. Anaweramitsa mutu n'kundiyang'ana. Maso athu anakumana, iwo kumwamba ine pansi, ndipo ndinaona kuti akuyesa kumasula dzanja koma chingwe chalowa m'mnofu.

Pang'onopang'ono lona linayamba kusendera kuseri kwa nyumba. Ine ndinkadziwa zimene zili kuseriko. Julaye ndi nyengo yodulira tiyi. Munda wa kuchigwa unali wobiriwira, wofewa pamwamba ngati mphasa, woti munthu atagwerapo akhoza kudzuka n'kudzisansa. Wa kuseri anali atangoudulira kumene. Tiyi wodulira satsala ndi tsamba, zimatsala nthambi zouma zosongoka, zodulidwa mopendeka ndi zikwanje, zitaloza kumwamba munda wonse.

Litangodutsa pamsana pa chitunda, mphepo inalisiya monga imachitira ndi madilesi. Lona linakwinyika, mtanda unatsogola, iwo n'kutsatira. Nyumba inawabisa, sitinaone kugwa kwake. Tinangomva.

Sindikumbuka mmene ndinazungulirira nyumba. Ndikukumbuka ndikudutsa m'tiyi wodulira uja, nthambi zikundicheka miyendo, ndikukoka lona kuti ndione chimene chili pansi pake. Anali chagada pamwamba pa zitsa. Nthambi imodzi inalowa pantchafu n'kutulukira mbali ina, itaboola thalauzi. Mkono wamanja unali utatembenukira kumene mkono sutembenukira, ndipo pamene panadutsa chingwe khungu linali litasendeka mpaka kuoneka zoyera. Anali maso, akupuma mofulumira. Ndinagwada n'kuwagwira mutu.

«Bambo! Bambo, mukundimva?»

«Ndikumva, amayi,» anatero. «Kodi lang'ambika?»

Sindinamvetse. Ndinafunsa kuti chiyani.

«Lona. Ndi la kampani. Komanso anthu anyowa.»

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawamenya. Ndinalira mokweza kuposa mmene ndinalirira amayi, ndipo sindichita manyazi kunena zimenezo.

Achimwene anafika ndi chikwanje, nadula chingwe, nadulanso nthambi ija m'munsi kuti ipite nawo kuchipatala ili momwemo. Nkhope yawo inali itachita phulusa. Thirakitala ija inali itabweranso, ili pamsewu, ikudikira kudzatenga lona mwambo ukatha. Anawanyamula pa chitseko n'kuwagoneka pangolo. Ine ndinaponda tayala kuti ndikwere, koma amayi aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anandigwira mkono.

«Mwanawe, mayi ako sanaikidwe.»

Ndinawakankha. Koma amuna anga anatukula mutu pachitseko paja.

«Tsalani muike amayi,» anatero. «Mukapita ndi ine adzati mkamwini anachotsa mwana pamaliro a mayi wake. Chonde, amayi, tsalani.»

Ntchafu ili ndi mtengo, magazi akudontha pangolo, maganizo awo anali akadali pa zimene abale anga adzanene. Ndinatsika. Achimwene ndiwo anakwera nawo. Ndinabwerera pamphasa, abusa anayambiranso nyimbo, ndipo tinawaika amayi. Dothi ndinaponya, koma maso anga anali kumsewu. Amayi anga ondibereka ndinawaika ngati ndikuika mlendo, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Tisanachoke kumanda nkhani zinali zitayamba kale. Ena ankati malemu anakwiya chifukwa mkamwini sanamange pamudzi. Ena ankati anthu a kumpoto ali ndi zizimba zoulukira, lero zangowalakwika masana. Mayi wina anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti ndikafufuze, zoterezi sizichitika zokha. Ndinamuyankha pomwepo, anthu akumva, kuti ngati ndi ufiti ndiye akhwangwala onse a pachitunda pano ndi afiti, pamodzi ndi kabudula wa mwamuna wake amene tinamutola m'tiyi mwezi wathawo. Inali mphepo yathu yomwe ija, imene aliyense wa iwo ankaidziwa chibadwire. N'chifukwa chake onse anataya chingwe. Kunena za mizimu kunali kosavuta kusiyana ndi kuvomera kuti anaona mlendo akukulunga chingwe pamkono, iwo n'kungoyang'ana.

Ku kiliniki ya pa esiteti anangowamanga mabala n'kuwatumiza ku chipatala cha boma. Anakhalako mpaka tiyi wodulira uja anaphukanso. Ntchafu inapola, anatsala ndi kutsimphina pang'ono. Mkono wamanzere unachira. Wamanja anaulumikiza, koma adokotala anatiuza kuti mitsempha inakokeka kuyambira paphewa. Dzanja lija linayamba kuwonda, zala n'kupindikira mkati, ndipo silinagwirenso kanthu. Kampani sinawachotse ntchito. Anaphunzira kulemba ndi lamanzere, akuyeserera pa makope akale a ana asukulu anga, zilembo zikupendama ngati za mwana wa sitandade wani. Khasu, njinga, kunyamula mwana wathu wamng'ono, zonsezo zinatha.

Nthawi ina ndikuwasambitsa ndinawafunsa chimene ankaganiza ali kumwamba kuja. Anati poyamba sanachite mantha, anangodabwa kuona fakitale yonse, mtsinje ndi msewu wopita ku Thekerani nthawi imodzi. Anati kumwambako kunali zii, mphepo sankaimva n'komwe, ankangomva lona likulira. Mantha anabwera atayang'ana pansi n'kuona anthu onse atakweza nkhope, bokosi lili poyera. Anati chimene chinawabwerera m'mutu n'chakuti awononga maliro a apongozi.

Atatuluka m'chipatala, atsibweni anabwera kunyumba ya kampani, koyamba chikwatirane chathu. Anabwera ndi achimwene, atanyamula nkhuku ndi mkoko wa nthochi. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo, nayankhula Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anati pafupi ndi nyumba ya malemu pali malo, ndipo ana athu akufunika pakwawo. Anati njerwa aumba achimwene ndi anyamata, alamu asavutike. Potsanzika anagwira dzanja lopuwala lija ndi manja awo onse awiri.

«Mwana wathu, mutikhululukire,» anatero atsibweni.

Ine ndinali kukhitchini, ndipo nkhuku ija ndinaipha ndi ukali woti mpeni unalowa m'thabwa. Zaka zonse zija munthu akulima munda wawo, akudya kalongonda wawo, sanamuone. Anadzamuona atatsala ndi dzanja limodzi. Ndinkafuna kutuluka ndikawauze zimenezo, koma nditasuzumira pabalaza ndinaona amuna anga akupukuta misozi ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinabwerera kukasosola nkhuku.

Nyumba inamangidwa, ndipo tikukhalamo. Patapita zaka zingapo amayi aang'ono aja anamwalira, nawonso nthawi ya chiperoni. Pamaliro awo amuna anga anawapatsa mpando pakati pa akuluakulu, pafupi ndi atsibweni. Itafika nthawi yomanga chisakasa cha anthu, akamwini onse ananyamuka kukadula mitengo, iwonso ananyamuka. Achimwene anawagwira paphewa n'kuwakhazika pansi.

«Khalani, alamu. Inu munagwira kale.»

Ine ndinaziona ndili pakhomo pa siwa. Titabwerera kunyumba maliro atatha, anandifotokozeranso zonse ngati sindinalipo, mpando umene anakhalira, amene anakhala nawo pafupi, mawu a achimwene.

«Mwamva, amayi? Akuti ndinagwira kale,» anatero akumwetulira.

Ine ndinali nditaima patsogolo pawo, ndikuwamasula mabatani a malaya.